Wotchi Imene Ndinaigulira Khadi

Chikondi, taika kaye kafoni kako m'thumba, sikathawa. Tadala, lowa m'nyumba ukatenge bokosi lachitsulo lili kunsi kwa bedi, lija agogo anu aakazi amalitcha nkhokwe ya zinyalala. Fulumira mwana wanga, mtima sukukhazikika! Lero ndi tsiku lachitatu chiyakire magetsi m'nyumba muno, ndipo ine ndangokhalira kuyatsa n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa, mpaka agogo anuwo andiopseza kuti andimanga manja. Magetsi kuno ku Msakambewa, ine ndikadali ndi maso! Inu simungamve bwino, munabadwira m'tauni momwe getsi n'chinthu chongodina.

Eya, ndi lomwelo. Tsegula. Mwaiona? Musaseke dzimbiri lakelo, inu mukadzafika zaka zake mudzachita dzimbiri loposa pamenepa. Wotchi iyi ilibe batire, ndipo siipukusidwa ngati zam'manja zakale zija. Ili ndi chingwe cha magetsi basi. Inatsala pang'ono kupititsa munthu wosalakwa ku Dzaleka, ndipo amene anaisokoneza ndi ine ndemwe, agogo anu. Tisanailumikize pakhomapo, mumve kaye mbiri yake.

Inu Dzaleka mumaidziwa ngati malo a anthu othawa nkhondo kwawo, kumene amayi anu amakagula nsalu. Nthawi ya chipani chimodzi inali ndende. Dzina lake sitinkalitchula mokweza. Munthu akapita kumeneko tinkangoti anamutenga, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pamene ndinapeza ntchito pamishoni ina m'mapiri umo, cha kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Panali tchalitchi, sukulu, kachipatala ka amayi oyembekezera, ndi kanyumba ka injini kuseri kwa mabulugamu. Magetsi a m'mapolo awa anali asanafike. Tinali ndi injini yathu ya dizilo yopukusa jenereta, ndipo ntchito yanga inali kuidzutsa m'mawa, kuithira mafuta, kuipukuta ndi kuizimitsa usiku. Koma m'mene ndinkayendera, mukanati ndinaipanga ndine. Ovololo yabuluu, sipanala m'thumba lakumbuyo, itatulukira dala kuti atsikana aione. Agogo anu akuseka uko akusankha nyemba, akudziwa. Iwowo nthawi imeneyo ankathandiza anamwino kuchipatalako, tinkawaitana kuti Nabanda. Malume awo anali a Mbewe, ahedi a pasukulupo, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa jekete imodzi koma yositidwa tsiku lililonse. Dzina limenelo muligwire.

Wotchi isanabwere, nthawi tinkaiwerenga pansi. Mthunzi wa khonde ukafika pa sitepe yachiwiri, ana apume. Mthunzi wako ukalowa kunsi kwa mapazi, masana akwana. Belu linali mkombero wa tayala la lole, wopachikidwa pamtengo wa mango. Kukachita mitambo aliyense ankangofunsa mimba yake. Ndiye tsiku lina abusa anabwera nayo wotchi iyi kuchokera ku Lilongwe, itakulungidwa m'bulangete ngati khanda. Anaikhoma pakhonde la ofesi, poonekera kusukulu ndi kuchipatala komwe. Anthu ankachoka kutali kudzangoona kamuvi kofiira aka kakuzungulira, osalira thiki thiki ngati mawotchi ena, kungoyenda myaa. Posakhalitsa dera lonse linagwirizana mfundo imodzi: wotchi ya magetsi sinama.

Amene anailumikiza anali a Gwaza, mkulu wina amene anakhala zaka zambiri ku migodi ya ku Joni akusamala makina. Ndi iwonso anandiphunzitsa injini ija. Chala chawo cha mkombaphala chinali chodukira pakati, ndipo ankalozera chilichonse ndi chomwecho. Atalumikiza chingwe, wotchi sinayende. Inkangong'ung'udza.

"Yafa, abambo," ndinatero ine. "Abusa awanamiza kusitolo."

"Sinafe. Ikudikira kulowa m'gule."

Anaitembenuza n'kupota kachitsulo aka ndi zala ziwiri, fyuu! Kamuvi kanayamba kuyenda. Ndinawakakamira kuti andiuze matsenga ake, mpaka anatsegula kumbuyo kwake.

"Taona, Yotamu. Uyu ndi waya wokulungakulunga, aka ndi kagudumu kachitsulo ka mano. Magetsi a injini yako sayenda njira imodzi ngati madzi a mumtsinje. Amapita, amabwerera, amapita, amabwerera, ka makumi asanu pa sekondi imodzi. Imeneyo ndiye ng'oma. Ikagunda, wayayu amasanduka maginito n'kukoka dzino limodzi. Ikagundanso, akoka linzake. Kagudumuka ndi mnyamata wovina mganda. Satsogola, satsalira, phazi lake lili pa ng'oma."

"Nanga bwanji sinayambe yokha?"

"Iwe unayamba walowapo mumzere wa mganda uli chiimire? Ng'oma yothamanga chotere ikukokera uku, usanasunthe yakukokera uko, ungonjenjemera pamalo amodzi. Umayamba wasuntha mapazi kumbali, ukafanana ndi anzako ndiye n'kulowa. Koma usamale popota. Ukapotera kumanzere iyenda chobwerera, ndipo iyenda mokhulupirika ndithu."

Tadala, kusukulu kwanu kwa zamagetsi mumaitcha chiyani mota yotere? Sinkironasi, eya! A Gwaza ankatchula chomwecho, lilime likupindikira. Ine linandikanika, ndimangoti mota yomvera ng'oma.

Ankasimba kuti ku migodi kunali mota zina zazikulu ngati nkhokwe, zopopera mpweya kwa anthu ali pansi pa nthaka. Nazonso sizinkadzuka zokha. Kamota kakang'ono kankayamba kaipukusa yaikuluyo mpaka liwiro litayandikira la ng'oma. Kenako ankalowetsa magetsi ena, oyenda njira imodzi, m'mawaya a chigudumu cha m'kati kuti chisanduke maginito, ndipo chinkagwira, gwa! Pansi n'kugwedezeka. Ikagwira yagwira. Uipatse ntchito yopepuka, liwiro ndi lomwelo. Uipatse yolemera, liwiro ndi lomwelo. Ukaisenzetsa zoposa mphamvu zake siichepetsa liwiro pang'onopang'ono ayi, imangotaya sitepe, kubuula, n'kuima. Mota ya pampu yathu ya madzi inali ya mtundu wina. Inkadzuka yokha bwinobwino, koma nthawi zonse inkatsalira pang'ono m'mbuyo mwa ng'oma, ndipo ntchito ikakula inkatsaliranso kwambiri. N'chifukwa chake ya mtundu umenewo saipatsa kusunga nthawi. Ankanenanso kuti yaikuluyo ukaionjezera magetsi a m'kati aja imapeputsa katundu wa mawaya a mgodi wonse. Zimenezo sindinazimve mpaka lero, Tadala udzatimasulira tsiku lina.

Asanachoke, a Gwaza anandikokera ku injini. Pali kabawuti kena kamene kamalamula liwiro lake. Anakadontheza utoto wofiira n'kunena kuti, "Apa ndiye pa makumi asanu. Injini ikathamanga, ng'oma ithamanga. Ikafooka, ng'oma ifooka. Usadzakhudze." Ndinavomera ndi mutu, koma ndinene zoona, maso anga anali pa Nabanda amene ankadutsa ndi ndowa pamutu. Mawuwo analowa khutu ili n'kukagona penapake m'mutumu.

Ntchito inayenda bwino chaka chonse. M'mawa uliwonse ndikadzutsa injini, abusa ankatsegula wailesi kamphindi chabe kuti timve 6 koloko, poti mabatire ankasungidwa ngati mchere wa m'chaka cha njala. Ine n'kukwera pampando, kukonza mivi, kupota kachitsulo, basi tsiku layamba. Ndinkadzimva ngati ndine ndimatulutsa dzuwa.

Kenako dzinja linafika, dzinja lenileni la m'mapiri. Inu simudziwa kukoma kwa nyengo imeneyo. Bowa wa m'nkhalango ya Ntchisi amayi ankabwera naye m'malichero, maungu ophika, chimanga chootcha chimene umadya mpaka nsagwada kuwawa. Koma misewu inali phala lokhalokha. Chaka chimenecho madzi anakokolola kamlatho ka kumunsi, ndipo lole yobweretsa migolo ya mafuta inalephera kukwera. Abusa anandiitana.

"Yotamu, mgolo watsala umodzi. Uone chochita, amayi akuchipatala asadzachirire mumdima."

Ndinaganiza tsiku lonse, ndipo nzeru inabwera, yokongola ngati mkwatibwi. Munthu akamayenda pang'onopang'ono samva njala msanga. Bwanji injini? Ndinatenga sipanala ija n'kumasula kabawuti pang'ono, kadontho kofiira n'kusuntha. Injini inatsitsa mawu. Magetsi anafooka pang'ono chabe, moti palibe anadandaula. Mafuta anayambadi kukhalitsa. Ndinadzitama mumtima kuti ngakhale a Gwaza ndawaposa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chimene sindinaganize n'chakuti ndafooketsa ng'oma. Wotchi, mwa kukhulupirika kwake, inayamba kuvina pang'onopang'ono. Pa ola lililonse inkataya mphindi zisanu. M'mawa tinkaikonza ndi wailesi, ikamafika masana yatsalira theka la ola, madzulo ola lathunthu, m'mawa mwake n'kuikonzanso. Dzuwa silinkaoneka chifukwa cha mitambo, ndiye mthunzi sukanatitsutsa. Ana a sukulu ankadandaula njala, aphunzitsi n'kumati ndi ulesi. Wotchi ya m'thumba ya abusa inkaoneka ngati ikuthamanga, mpaka anaitumiza kwa wokonza. Ya pamkono ya ahedi nayonso inkathamanga chimodzimodzi, iwo n'kuitsekera m'dirowa. Tangoganizani, mawotchi awiri akunena chinthu chimodzi, koma mishoni yonse, abusa ndi ahedi omwe, tinakhulupirira ya pakhoma. Wotchi ya magetsi sinama!

Patatha masabata atatu kunabwera uthenga wakuti Lachinayi, 2 koloko masana, kubwera bwana wamkulu wa chipani kuchokera ku boma. Masiku amenewo mlendo wotere sankalandiridwa ndi moni chabe. Amayi ankavala nsalu zofanana n'kuvina, ana a sukulu n'kundanda mumsewu ndi timbendera akuimba. Tsikulo kunkagwa mvula yamawawa, ndipo ahedi, pomvera ana chisoni, anati akhale m'kalasi mpaka theka la ola mlendo asanafike. Mabwana ambiri ankachedwa, koma ameneyu, mwa tsoka lathu, anali wosunga nthawi. Galimoto yake inakwera chitunda n'kupeza msewu uli mbee, mbuzi zokha zitabisala pansi pa mango. Amayi anayesa kuyambitsa nyimbo, koma bwanayo sanatsike n'komwe. Anatsitsa galasi, n'kulankhula mawu ochepa kwa tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, galimoto n'kutembenuka.

A tcheyamani anali munthu wamfupi, wamawu aakulu, ndipo tsiku limenelo anachita manyazi pamaso pa anthu onse. Anapita molunjika pakhonde la ofesi, kumene ahedi anali ataima.

"Aphunzitsi, ana ali kuti?"

"Atuluka hafu pasiti wani, bambo. Taonani wotchi, nthawi ikadalipo."

Wotchi iyi inkaonetsa kuti zangodutsa mphindi makumi awiri kuchokera 1 koloko. A tcheyamani anapinda mkono wa malaya n'kuonetsa yawo yatsopano, yonyezimira. Inali itadutsa 2 koloko.

"Tonse tikudziwa kuti ya magetsi sinama," anatero. "Ngati yatsalira, alipo waibweza mivi. Kodi si inu munanena mwezi watha kuti ana akutha nthawi ndi nyimbo m'malo mwa masamu?" Anatulutsa kope lawo n'kulemba dzina la a Mbewe. "Lolemba galimoto idzakutengani, mukafotokoze bwino ku boma."

Aliyense ankadziwa kumene msewu wa ku bomawo unkathera. Ine ndinali nditaima pomwepo, ndipo nditaona mawotchi awiriwo ali pafupi, mawu a a Gwaza aja anadzuka kumene anagona. Injini ikafooka, ng'oma ifooka. Ndinadziwa zonse nthawi yomweyo, ana inu, ndipo ndinatseka pakamwa.

Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinaopa. Ndinkaganiza kuti ndikayankhula, m'kopemo afufuta dzina la ahedi n'kulemba langa. Lachisanu m'mawa ndinabwezera kabawuti pa kadontho kofiira mwakachetechete, kuganiza kuti ndakonza zinthu. Kumeneko kunali kuthira mafuta pamoto. Loweruka a tcheyamani anabwera n'kukhala pakhondepo m'mawa wonse, wotchi yawo ili m'manja. Ziwirizo zinayendera limodzi ngati mapasa.

"Mwaona?" anauza anthu. "Ilibe vuto. Lachinayi lija inachita kubwezedwa ndi dzanja la munthu."

Masana ake ndinadutsa kunyumba kwa ahedi. Mayi a kunyumbako ankakazinga mtedza wa paulendo, maso ali ofiira. Bulangete linali litapindidwa kale pampando, Baibulo lili pamwamba. Ahedi anali atapereka makiyi a sukulu kwa wachiwiri wawo, ndipo atandiona anandipatsa moni monga mwa masiku onse. Moni umenewo unandilasa kuposa chitonzo.

Ndinakapeza Nabanda pampope. Sanandiyang'ane kumaso.

"Achimwene, injini yanu yabwezanso mawu ake akale."

"Mukutanthauzanji?"

"Ine ndimachapa nsalu za kuchipatala kuseri kwa kanyumba kanu tsiku lililonse. Masabata atatu inkalira ngati ng'ombe yodwala. Dzulo yachira mwadzidzidzi. Za mawaya sindizidziwa, koma makutu ndili nawo." Anasenza ndowa yake. "Malume anga akapita Lolemba, musadzandipatsenso moni."

Mukuwaona ali phee apowa, agogo anuwa? Musawadelere.

Lamulungu m'mawa a Gwaza anabwera kudzapemphera monga mwa chizolowezi. Ndinawakokera kumabulugamu n'kuwauza zonse. Sanandikalipire. Anangondiloza ndi chala chodukacho nthawi yaitali.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, Yotamu. Koma ukangonena ndi pakamwa sakukhulupirira, aziti ahedi akutuma. Usawauze. Uwaonetse."

Mapemphero atatha, anthu asanabalalike, a Gwaza anapita kwa a tcheyamani n'kuvula chipewa. "Bambo, wotchi yanuyo ndi yabwino kuposa zonse kuno. Tibwerekeni mphindi zochepa, tiyese nayo ya pakhomayi." A tcheyamani atamva wotchi yawo ikutamandidwa sanakane. Mpingo wonse unakhamukira pakhonde la ofesi. Ine ndinathamangira ku injini ndi sipanala, Nabanda n'kuima pakati pa bwalo kuti azindifuulira zimene a Gwaza akunena.

Poyamba kabawuti kanali pa kadontho kofiira. Timivi tiwiri tinazungulira limodzi katatu, osasiyana. Kenako a Gwaza anakweza dzanja, Nabanda n'kufuula, "Tsitsani!" Ndinamasula. Injini inatsitsa mawu. Kenako ndinamva phokoso likuchokera kukhonde, ngati pa mpira chigoli chikalowa.

"Ikutsalira! Ikutsalira! Popanda woikhudza!"

Kuzungulira kamodzi, masekondi asanu. Kawiri, khumi. Katatu, khumi ndi asanu. Amayi ena anathawira kumbuyo kwa anzawo akuti ndi ufiti. Ndiye a Gwaza anati ndikweze kupitirira kadontho. Injini inakuwa, getsi la pakhonde linawala ngati liphulika, ndipo kamuvi kofiira kanayamba kuthamangitsa ka a tcheyamani, kukapeza, n'kukadutsa! Ana inu, mukanaona! A tcheyamani anaiwala ukulu wawo wonse. Anakwera pampando wanga uja n'kuyamba kulamula okha. "Tsitsani! Kwezani! Tsitsaninso!" Nabanda akufuula, ine ndikupota, thukuta lili kamukamu, ndipo wotchi ikuvina monga ng'oma yauzira. Ngakhale ndinali ndi mantha, mtima unkadumpha ndi chimwemwe. Chinthu chimene a Gwaza anandiuza ndi pakamwa ndinkachigwira ndi dzanja langa. Ndili kuno kumabulugamu, kagudumu kali uko pakhonde, koma kakumvera ine kudzera m'waya!

Chimwemwecho chinatha a tcheyamani atatsika pampando. Anandiitanitsa. Ndinayenda bwalo lonselo mpaka pamaso pawo.

"Taona kuti wotchi imamvera injini," anatero. "Nanga injini imamvera ndani?"

"Imamvera ine, bambo." Ndinagwada pansi m'matope ndi ovololo yanga yonyadira ija. "Ndine ndinaitsitsa masabata atatu apitawo kuti mafuta akhalitse. Lachisanu ndinaibwezera mobisa chifukwa cha mantha. Ahedi sanakhudze wotchi. Ngati pali dzina loyenera m'kope lanu, ndi langa."

Abusa anayankhulapo kuti ndi iwo anandiuza kuti ndisunge mafuta chifukwa cha amayi akuchipatala. A tcheyamani anatulutsa kope lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana ine, anayang'ana anthu, n'kuyang'ananso wotchi. Ndikuganiza kuti iwonso ankafuna potulukira, poti ena mwa amayi amene anachira masabata amenewo anali a kwawo komwe.

"Kodi wotchiyi ili ndi khadi?" anafunsa.

Inu za khadi simudziwa. Masiku amenewo popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ndipo pena ngakhale khanda la kumbuyo ankalifunsa lake. Ndinayankha kuti ilibe.

"Nanga injini?"

"Nayonso ilibe, bambo."

"N'chifukwa chake zikuyenda mosamvera! Mawa ugule makhadi awiri, lina ulikhome pa injini, lina kuseri kwa wotchi. Ku boma ndikanena ndekha kuti ndafufuza, ndapeza kuti anachimwa ndi makina." Atatero anang'amba tsamba lija, n'kulipinda, n'kulipatsa ahedi m'manja.

Bwalo lonse linaphulika. Nthungululu, kuseka, ena kulira. Tadala, pisa dzanja kuseri kwa wotchiyo. Eya, ndi limenelo, lafumbwa m'mbali koma likuwerengeka. Werenga pa dzina. "Wotchi." Mudzi? "Pakhonde." Analemba okha a tcheyamani, ndi dzanja lawo.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Anthu atayamba kubalalika, a Mbewe anabwera pamene ndinali ndikupukuta matope m'maondo. Kapepala kaja kanali kakadali m'dzanja lawo.

"Yotamu, munadziwa liti?"

"Lachinayi, aphunzitsi."

"Lero ndi Lamulungu."

Anatembenuka n'kumapita kwawo kukamasula bulangete lija. Ndikukuuzani, ndikanakonda akanandimenya mbama. Mawu atatu amenewo ndakalamba nawo. Lachisanu ndi Loweruka munthu uja anagona akudziwa kuti akupita kundende, mkazi wake akulira, ine ndikudziwa zoona n'kumadya bowa.

Chaka chotsatira ndinatuma ankhoswe anga kukafunsira Nabanda, ndipo mwini mbumba woti avomere kapena akane anali a Mbewe omwewo. Ndinkadziwa kuti zanga zada. Ankhoswe atabwerako anandiuza mawu awo. Akuti anati, "Mnyamatayo amachedwa, koma amafika. Mwana wathuyu ndi ng'oma yabwino, amusunga pa sitepe." Ndipo sananame. Zaka zonsezi ndikati nditsalire, mawu amamveka kuchokera kukhitchini.

Patapita zaka, mishoni inagula wotchi ya batire, iyi n'kuitaya m'chipinda chosungira katundu. A Mbewe, atapuma kale ntchito, anakaipempha n'kubwera nayo kuno wapansi, ndodo ili m'manja. Anangoti, "Sungani, ndi yanu." Za Lachinayi lija sanazitchulenso mpaka anamwalira. Ine ndinaiika m'bokosi kudikira tsiku limene magetsi adzafike pakhomo pano, ndipo agogo anu ankandiseka kuti ndidzafa ndikudikira. Nanga lero akuti chiyani?

Tsopano tiyeni! Chikondi, chotsa chotchajira chakocho pakhoma, upatse mpata akuluakulu. Tadala, waona chingwe kuti n'chabwino? Iwe ndiye mwini ntchito. Lumikiza. Tamverani, tamverani! Ikung'ung'udza! Zaka zonsezi ili m'bokosi, koma yaizindikira ng'oma. Nabanda, tasiyani nyembazo mudzaone! Pota kachitsuloko, mwana wanga, ndi zala ziwiri, mwamphamvu.

Yayenda! Yayenda, ana inu, taonani kamuvi kofiira!

Aa, koma wapotera kumanzere. Ikuyenda chobwerera. Ayi, usaizimitse msanga, isiye kaye pang'ono ndiione. Ikanakhala kuti imabwereradi, ndikanaisiya ipite mpaka Lachinayi lija, 2 koloko masana, pakhonde paja, ndikatsegule pakamwa pomwepo a tcheyamani asanatulutse kope.

Basi, yakwana. Zimitsa, upotere kumanja. Chikondi, tulutsa kafoni kako kaja utiuze nthawi yeniyeni.